List ya Python si tebulo la C ayi

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndidandaule za chinthu chomwe chandidyera masiku atatu. Aliyense wophunzira Python amauzidwa kuti code ikamachedwa, gawo lolemeralo ulilembe mu C basi iyamba kuthamanga. Nzoona, koma sakuuza kuti mavuto ali pakhomo penipeni, pomwe data ikuchoka ku Python kulowa ku C.

Ineyo ndinali ndi list yokhala ndi ma list ena mkati ndipo ndimaganiza kuti C iona tebulo la mizere yooneka bwino. Ayi ndithu. List ya Python simasunga manambala enieniwo, imasunga ma pointer (ma adilesi a mu memory) oloza ku ma object omwe angomwazikana mu memory, ndipo float imodzi imadya ma byte 24 pa kompyuta ya 64-bit pomwe double ya C ndi 8 basi. Ndiye umatola imodziimodzi ndi PyList_GetItem kenako PyFloat_AsDouble, uku ukuonetsetsa kuti mizere yonse ndi yofanana kutalika, nthawi umafuna kupulumutsa ija yathera pomwepo.

Ndinathawira ku NumPy, library ya Python ya ma array a manambala, poti iyo imayala manambala mondondozana. Apanso ndinaphonya, function yanga imadikira double** (pointer yoloza ku ma pointer a mizere) pomwe NumPy imakupatsa double* imodzi yoloza pa nambala yoyamba, malo uwerengere wekha, i*ncols + j (i ndi mzere, j ndi column, ncols ndi kuchuluka kwa ma column). Pulogalamu inagwa ndi segmentation fault (kukhudza memory yosaloledwa), koma bola zimenezo, umadziwa kuti walakwitsa.

Chomwe chinandiwawa ndi transpose, kutembenuza array kuti mizere ikhale ma column, komwe mu NumPy kumalembedwa a.T. Kani a.T sikopera kalikonse, imangosintha ma strides (ma byte oti udumphe kuti ufike pa mzere kapena column yotsatira), manambala ali pomwe analipo. C yanga sidziwa za ma strides ndiye imangowerenga mwakale, mayankho nkumatuluka ooneka ngati abwinobwino, error olo imodzi. Ndinadzazindikira nditatopa nkuyesa ka array ka mizere 2 ndi ma column 3, manambala 1 mpaka 6. Nditakatembenuza mzere woyamba umayenera kukhala 1 ndi 4, koma C inandipatsa 1 ndi 2. Ndinangogwira mutu.

Mankhwala ake ndi kamzere kamodzi, np.ascontiguousarray, komwe kamayalanso manambala mzere ndi mzere, nkuikanso dtype kukhala float64 musanatumize. Amene mumalumikiza ndi chilankhulo cha Fortran samalaninso, iyo imasunga column ndi column pomwe C imasunga mzere ndi mzere.

Chonde patsamba lanu la zaukadaulo mudzalembeko za ma strides amenewa, ndi chitsanzo chaching'ono chonga changachi.

Wowerenga wanu