Amwene, kanjokako kasiyeni kabisale

Amwene,

Zikuyenda kumeneko ku Leeds? Ife kuno ku Johannesburg tili bho, ntchito ya pashopu ya ziweto ija ikadalipo ngakhale ma weekend timachita kutheratu. Voice note yanu ndaimvera yonse ndipo ndaseka pomwe mumati mnyamata wanu wathera ndalama zake pa njoka yoti palibe amaiona m'nyumbamo. Ndati ndichite kulemba chifukwa pafoni inu simupatsa mnzanu mpata.

Mtima m'malo, kanjokako sikakudwala ayi. Corn snake, mtundu wa njoka mwagulawu, ikakhala yaing'ono imabisala, ndi mmene ilili. Ikamatuluka m'dzira imakhala ya masentimita 25 kapena 30 basi, yoonda ngati pensulo, ndipo kwao ku America, madera a Florida, Georgia ndi Carolina uko, kanthu kotereka aliyense amafuna kukadya, akabawi, akadzidzi, ma raccoon, ngakhale njoka zinzake zikuluzikulu. Kamene kamakonda kuyenda poyera sikafika pokula. Ndiye kanuko ngakhale kanabadwira m'bokosi kwa munthu woweta, kamutu kake kakuganizabe kuti panja pali kabawi. Chinanso zimenezi zimayendayenda dzuwa likamalowa ndi usiku, muuzeni mwanayo azimitse getsi akhale phee pafupi ndi thanki yomwe kamakhalamoyo, adzakaona kakutulutsa kamutu, kenako kakukwera paliponse kufunafuna potulukira.

Chomwe chandidandaulitsa ndi chomwe mwanena chija, kuti mukufuna kuchotsa kamphanga kake kuti kazioneka. Chonde musatero amwene. Makasitomala ambiri amabwera ndi nzeru yomweyo kenako akubweranso kuti njoka yasiya kudya. Njoka yosowa pobisala imakhala ndi mantha tsiku lonse, ndipo yamantha sidya. Zimayenda mosemphana ndi mmene munthu ungaganizire, ukaipatsa mobisala mwambiri ndi pomwe imayamba kutuluka, chifukwa ikudziwa kuti zikavuta pothawira pali pafupi. Ikani timphanga tiwiri, kena mbali yotentha kena mbali yozizira. Mbali yotenthayo izikhala 28 mpaka 30 digiri, inayo cha m'ma 22 mpaka 24, ndipo heat mat (kamphasa kamagetsi kofunditsa) kapena bulb ikhale pa thermostat, kachipangizo koletsa kuti kusatenthe mopitirira, osangolumikiza kukhoma. Mukaika kamphanga kamodzi kokha ndiye kuti mwakauza kasankhe pakati pa kufunda ndi kubisala, ndipo kazisankha kubisala ngakhale kakuzizidwa, chakudya n'kumavuta kugaya m'mimba. Timphangato tikhale tothina, toti thupi lizikhudza m'mbali monse, zazikulu zokongola zija amagulitsa zodula sizithandiza kamwana. Kachubu ka tishu kapena kakatoni koboola kamodzi kamagwira ntchito yomweyo. Pakati ponse mwazani masamba apulasitiki ndi timitengo kuti kaziyenda kosaonekera.

Zogwira. Mwati katha masiku anayi chibwerereni ndipo mnyamata akumakatulutsa akangochoka kusukulu, mwinanso kuitana anzake. Asiye kaye. Sabata yathunthu osakakhudza, kungosintha madzi basi, ndipo ine ndimauza anthu kuti dikirani mpaka kadye kawiri osavuta. Akatero ayambe ndi mphindi zisanu, kawiri kapena katatu pa sabata. Asamabwere ndi dzanja kuchokera pamwamba, kabawi amabwera choncho. Alowetse dzanja cham'mbali, anyamule chapakati pa thupi kuchokera pansi, osagwira kumutu kapena kukoka mchira, komanso osazengereza, dzanja lomangonjenjemera pamwamba pake likubwera likubwerera ndi lomwe limakaopseza kwambiri. Kakakhala m'manja asakafinye, kazingoyenda kuchoka dzanja ili kupita linalo, iye atakhala pansi kapena pabedi chifukwa tianati timathamanga ndipo kakagwa kuchokera m'mwamba kavulala. Pa sofa ayi, kakalowa m'kati mwa sofa mudzachita kuing'amba.

Pali nthawi ziwiri zoti asakagwire n'komwe. Kakadya padutse maola 48, apo ayi kasanza mbewa yonse, ndipo kusanza kwa njoka si nkhani yaing'ono, kumakapweteka kukhosi ndipo mumayenera kudikira pafupifupi masabata awiri musanakapatsenso china. Ina ndi pomwe kakufuna kufundula. Mudzaona khungu lachita mbuu, maso achita ngati mwalowa utsi wa buluu, pamenepo sikaona bwino ndiye kamakhala kolusa komanso kamabisala masiku angapo osatuluka, mwina kukana ndi chakudya chomwe. Tating'ono timafundula pafupipafupi, mwina mwezi ndi mwezi poti tikukula, ndiye musadabwe. Ikanimo kabokosi ka moss wonyowa pang'ono kuti chikopa chichoke chonse bwinobwino.

Za kugwedeza mchira zomwe alamu anaona mpaka kuthawira kukhitchini, auzeni kuti ndi matama chabe. Kamamenyetsa mchira pa zinyalala kuti kamveke ngati rattlesnake, njoka yaululu ya kwao ku America yomwe imaliza mchira, kamapinda khosi ngati S n'kumajompha, nthawi zina kamatulutsa timadzi tonunkha m'manja mwako, zonsezo ndi mantha. Corn snake ilibe ululu, imapha mbewa pozikulunga, ndipo kamwana kakaluma mano ake ndi ochepetsetsa moti nthawi zambiri magazi satuluka n'komwe. Ndikudziwa kuti ife tinakula tikudziwa kuti njoka ukaiona ndi mwala kapena mpini, ndipo kwathu zili ndi chifukwa chake, mphiri ndi mbobo sizoseweretsa. Ine ndemwe mudzi wonse ukanamva kuti ndimadyetsa njoka pa ntchito akanati Joni yandizunguza mutu. Koma iyi ndi ina. Chachikulu kakajompha mnyamata asakaponye, ndipo asakabwezere m'thanki nthawi yomweyo, adikire kakhazikike kaye kenako akabwezere, apo ayi kaphunzira kuti kuluma ndiye njira yothamangitsira anthu.

Muyang'ane lilime. Kakamatulutsa lilime pang'onopang'ono kakuyenda mwaulesi m'zala, kali bwino, kakununkhiza. Kakauma gwa kapena kakamathamanga mwamisala, kwakwana, kabwerere. Ndipo mumuuze mnyamatayo chilungamo, kuti njoka sidzamukonda ngati galu, sidzamuthamangira pakhomo. Chomwe chimachitika n'choti imazolowera fungo lake ndi manja ake n'kusiya kumuopa, ndipo zambiri zikamatha chaka zimakhala zofatsa zedi. Zina zimakhalabe zamanyazi moyo wonse, zimasiyana ngati anthu. Akonzeke ndithu chifukwa zimafika zaka 15 mpaka 20 ndipo zimatalika kupitirira mita, iye azidzapita ku yunivesite njoka n'kutsala ndi inu.

Pomwe mungade nkhawa ndi apa, kakakana chakudya maulendo angapo motsatizana n'kumaonda mpaka msana kuchita kutuluka, kakamapuma kukamwa kuli yasa kapena kukumveka kakulira m'mphuno, kapena mukaona tinthu takuda tating'ono tikuyenda pakhungu ndi m'madzi ake. Pamenepo pitani kwa vet wodziwa za njoka, si onse amazidziwa, mufunse kaye pafoni. Chivundikiro muchione kawiri, kabowo kolowa kamutu kokha ndi kokwanira kuti kathawe. Asambe m'manja ndi sopo akamaliza kukagwira chifukwa cha salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, komanso asanakagwire ngati wakhudza mbewa, kangamuyese ndiwo.

Koma amwene, inu Mchewa weniweni kumagula mbewa ndi ma pound, zosamera ndi ubweya womwe, n'kumazisunga mu freezer kuti idye njoka? Agogo akanamva akanalira. Muzizisungunula bwino zifunde, muzikapatsa kamodzi pa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo musazisakanize ndi nyama ya alamu mungathamangitsidwe nonse atatu.

Munditumizire chithunzi cha thanki yonse ndione mmene mwaikira zinthu. Moni kwa alamu ndi ana, December mukubwera kumudzi kapena chaka chinonso ayi?

Ndine mnzanu wa ku Joni