Maola 20 aja a pa tikiti yako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno tadzuka, kungoti bondo la bambo ako lija silinasiyebe.

Dzulo pafoni umadandaula kuti tikiti yako ya ku Sydney ikuonetsa ngati ukakhala m'mwamba maola 20. Foni inaduka ndisanakuyankhe, n'chifukwa chake ndalemba. Nthawi za pa tikiti ya ndege ndi za pamalo pomwepo: yonyamukira ndi ya ku Johannesburg, yofikira ndi ya ku Sydney. Wotchi ya ku Sydney ili patsogolo ndi maola 8, ndipo kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo amaikankha ndi ola lina, n'kukhala 9. Tiyerekeze mwanyamuka pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg 7 koloko madzulo. Pakatha maola 12, kumene wachokako ili 7 koloko m'mawa, koma iwe ukutsika 3 koloko masana. Maola 8 enawo sunawakhale pampando ayi, wotchi yangokubwereka. Idzakubwezera pobwerera.

Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 11,000, ndipo ndege zikuluzikuluzi zimathamanga cha m'ma 900 pa ola. Gawa wekha, upeza 12 yomweyo. Koma pobwera usadzadabwe ulendo utatenga maola pafupifupi 14, njira ili yomweyo. Kumwamba kumene ndege zimadutsako kuli chimphepo chowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, oyendetsa ndege amachitcha jet stream. Popita chimakukankha kumsana, pobwera umalimbana nacho maso ndi maso.

China chimene chingakudzidzimutse ndi kamapu ka pa sikirini ya kutsogolo kwa mpando wako. Udzaona ndege ikukhotera kumwera, kunyanja yozizira ya kufupi ndi Antarctica, ngati yasochera. Sinasochere. Dziko ndi lobulungira. Tenga ulusi, uukoke pa mpira pakati pa madontho awiri a m'munsi mwake, uona kuti njira yachidule imapendekera kunsi. Mapu afulati ndi amene amatinamiza.

Tsopano za thupi lako, poti ndi zimene zikundisowetsa tulo. Sankha mpando wa m'mbali mwa kanjira. Wa pawindo ndi wokoma ola loyamba lokha, kenako pansi pamangokhala madzi ndi mdima, ndipo umachita manyazi kudzutsa anzako ukafuna kuchimbudzi. Ine ulendo wanga wautali uja ndinavula nsapato n'kukhala phee osasuntha. Potsika mapazi anali atatupa moti ndinatuluka nditaponda nsapato kuchidendene. Kutupa n'kochepa, choopsa ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Uzidzuka pakapita maola awiri, kuyenda pang'ono, kugwedeza mapazi. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, choncho madzi uzimwa ngakhale ulibe ludzu. Mowa usiye, ngakhale akupatse waulere.

Ukafika, usalole kuti akuikire msonkhano m'mawa mwake. Thupi lidzakhala likuyenderabe wotchi yakale: usiku wa kumeneko maso ali gwa, m'mawa tulo tofa nato. Uzituluka padzuwa masana, pakapita masiku angapo lidzazolowera.

Ukangotsika unditumizire uthenga. Usaope kundidzutsa, 3 koloko yakoyo ine ndidzakhala ndili maso kale, foni ili m'manja.

Ndine mayi ako.