Kwa mwana wanga ku Cape Town, za kuthamanga kwakoko

Mwana wanga,

Msuweni wako anafika bwino ndipo katundu uja talandira. Amayi ako akuthokoza bulangete. Koma anabweranso ndi nkhani imene yandichititsa kulemba m'malo moimba foni, poti pa foni umandidula pakamwa.

Akuti wayamba kuthamanga m'tinjira ta m'mphepete mwa nyanja. Zimenezo ndakondwera nazo, usandimve molakwa. Munthu woima tsiku lonse m'khitchini ayenera kupitidwa mphepo. Chandisowetsa tulo n'chakuti nsapato akuti watenga pa ngongole, wotchi yoyeza mtunda pa ngongole, ndipo mnzako wagalimoto uja akukukokera kuti ulembetse mpikisano wothamanga mtunda wautali m'mapiri wa Ultra-trail Cape Town, wa mu Novembala. Iwe woyamba dzanadzanali? Mnzakoyo ali ndi malipiro ake, lendi yake sitiidziwa. Iwe uli ndi mlongo wako amene fizi yake ikuyang'ana kwa iwe.

Ukukumbuka chaka chija ndinakutenga ku Likhubula kukaonera mpikisano wa onyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje? Unali paphewa panga ukudya nzimbe. Anyamata aja ankatsika phiri miyendo ili matope okhaokha, nsapato za pakaunjika, zina zosokedwa ndi ulusi wa thumba. Amene anali ndi wotchi ndi angati? Mapapo awo anawapanga ndi kukwera tsiku ndi tsiku, osati m'sitolo.

Tsono ndimvere, poti dera limenelo ndinalipondapo nthawi ndinkagwira ntchito ku Fish Hoek. Malo oyambira ndi aulere. Ku Sea Point kuli njira yosalala yotsata nyanja, palibe wokufunsa tikiti. Kuchokera ku Muizenberg kukafika ku St James kuli kanjira kafupi pakati pa njanji ndi madzi, kokwanira munthu woyamba. Msuweni wako akuti Loweruka lililonse m'mawa kuli kuthamanga kwa gulu kotchedwa parkrun, makilomita 5, ngakhale ku Green Point komweko, osalipira kanthu ndipo nthawi yako amakuyezera okha. Nanga wotchiyo ndi ya chiyani? Ku Cape Point amalipiritsa pageti, kumeneko kudikire. Thamanga pang'ono, yenda, thamanganso, katatu pa sabata basi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Nyanja imeneyo usaiyese ya ku Salima. Madzi ake amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo malo amene wadutsa pouma m'mawa ukhoza kuwapeza atamira pobwerera. Kanjira ka ku St James kaja mafunde amakakwera madzi akadzaza mphepo ili pamwamba. Uziona nthawi ya madzi usanatuluke, pa foni imapezeka. Pamchenga uzithamanga madzi atatsika, pamene pali ponyowa ndi polimba. Mchenga wouma umatitimira, umapweteka akatumba ndi kuseri kwa chidendene, ndipo woyamba kumene amagona nawo sabata. Gombe limapendekeranso kunyanja, mwendo umodzi umalemedwa, choncho kumene wapita uzibwerera komweko kuti miyendo igawane. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija imaomba m'chilimwe, uziyamba moyang'anana nayo udakali ndi mphamvu, pobwerera izikukankha kumsana. Pamiyala yobiriwira usapondepo, ndi ndere, imaterera. Ndipo usadziponye m'madzi thukuta lili thupi lonse kuti uzizidwe. Mbali ya Camps Bay madzi ndi ozizira koopsa, ndipo pali malo amene amakokera munthu kukati. Iwe kusambira unaphunzirira padamu.

Ndabwereranso ku ngongole, chifukwa ndi imene ikundiwawa. Amalume ako anayamba chonchi, kanthu kamodzi, kulipira pang'onopang'ono, kenako katapila kuti atseke dzenje loyamba. Njinga inapita, malata anapita, unaona ndi maso ako tsiku ankawazula. Ngongole ya m'sitolo imabwera ndi chiwongoladzanja, ndipo mwezi umene ntchito yachepa iyo sichepa. Ukudziwa wekha mmene makasitomala amasowera nyengo yozizira ikafika kumeneko.

Nsapatozo poti wavala kale, zisamale. Mchere ndi mchenga zimadya ulusi. Ukabwera uzichotsa kansalu kam'kati, uzikutumula mchenga, uzitsuka ndi madzi a pampopi, n'kuyanika pamthunzi. Usapite nazo kuntchito. Madzi akumwa uzitunga kunyumba m'botolo lomwe uli nalo, nthochi imodzi m'thumba, chipewa kumutu. Zotsekemera zam'mapaketi zimene mnzakoyo amayamwa pothamanga sizako, pa mtunda wa makilomita 5 thupi silizifuna.

Wotchiyo bweza ngati angalole, akakana igulitse utseke ngongole. Ndikunena izi pa chifukwa chinanso. Ku Noordhoek gombe ndi lalitali, pafupifupi makilomita 8, ndipo chapakati pali zitsulo za sitima ya Kakapo imene inatitimira mumchenga mu 1900. Ndi malo okongola, ndinkawakonda, koma ndi kwayekha ndipo anthu akhala akulandidwa katundu kumeneko. Munthu wothamanga yekha, chinthu chowala padzanja, zomvera nyimbo m'makutu, waitana yekha akuba. Kumeneko ndi m'tinjira ta m'phiri uzipita ndi gulu, dzuwa litatuluka, ndipo wina kunyumba adziwe kumene walowera. Uli wamng'ono unkathawa n'kupita wekha kudambo mpaka amayi ako kulira, khalidwe limenelo ndikudziwa silinathe.

Sindikukuletsa kuthamanga, mwana wanga. Mpikisano waukuluwo ulipo chaka ndi chaka, udzaupeza miyendo itakhwima ndi ndalama yako m'manja. Chaka chino ayi. Mnzakoyo umuuze kuti bambo akana, ine ndisenza mlanduwo.

Undiyankhe sabata ino, undiuze ngongole yatsala zingati ndi tsiku limene umalipira. Nambala yeniyeni, osati yondisangalatsa. Amayi ako sindinawauze za wotchi. Akuti uzidya usanagone, pa chithunzi chija waonda.

Ndine bambo ako.