Lipoti la ku Lilongwe, nkhani ya mafilimu akale ija

A tcheya, a mlembi ndi mamembala nonse, ndabwerako bwinobwino, pa Balaka ndinafika Lamulungu usiku. Ndati ndilembe pano tisanakumane kuti aliyense awerenge payekha, tikadzakhala pansi tidzangoyamba kukambirana osati ine kuima kutsogolo ola lathunthu. Malisiti a minibasi ndi a kogona ndapereka kale kwa a msungichuma, chenji chomwe.

Munandituma ku msonkhano wa za mafilimu ku Lilongwe ndi funso lomwe tinakanganirana mwezi watha lija, loti mafilimu akale otchukawa, amene ena amati ma classic, tiziwaika pa pulogalamu yathu ya Loweruka kapena ndi kungotha mafuta a jenereta poti mafana athu anazolowera za ku Nigeria, za ku Korea ndi zomenyana zomasulira m'Chichewa zija. Ine ndabwerako ndi maganizo oti tiziika ndithu, koma tizisankha tokha, osati poti kunja analemba pa mndandanda kuti iyi ndiye yapamwamba ndiye ife basi tigwade.

Msonkhano unali wa masiku awiri, Lachisanu ndi Loweruka. Kunabwera makalabu oonetsa mafilimu ngati athuwa, aphunzitsi angapo, ana a ku koleji, komanso abambo awiri omwe akhala akuyendetsa vidiyo sho kuyambira nthawi ya matepi. Chomwe okonza anachita bwino kwambiri n'choti anaitana ana a fomu 3 ndi fomu 4 a sekondale ina ya pafupi kuti aonere nafe limodzi kenako anene okha mmene zawakhudzira, osati ife akuluakulu kumangowalankhulira.

Anayamba ndi mayi wina wophunzitsa za mafilimu, iyeyo anatifotokozera komwe kutchuka kwa mafilimuwa kumachokera, zomwe ine sindinkadziwa. Ku Britain kuli magazini yotchedwa Sight and Sound ya bungwe la British Film Institute, ndipo kuyambira 1952 pa zaka khumi zilizonse imafunsa akatswiri olemba za mafilimu kuti asankhe opambana onse. Citizen Kane ya 1941 inakhala nambala wani kuyambira 1962 mpaka 2002, mu 2012 inapitiriridwa ndi Vertigo ya Alfred Hitchcock, kenako mu 2022 pamwamba panakwera filimu ya mayi wa ku Belgium, Chantal Akerman, ya 1975, yotalika maola atatu ndi kuposera, yoonetsa mzimayi akugwira ntchito za pakhomo. Ndiye mayi aja anati taonani, mndandanda womwewo umasintha anthu ofunsidwa akasintha, nanga inu mukuopa chani kunena maganizo anu. Pa mafilimu 100 a mu 2022 aja a ku Africa ndi ochepetsetsa, anatchula awiri a ku Senegal, Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ndi La Noire de ya Ousmane Sembène.

Lachisanu masana anationetsa Citizen Kane yomweyo. Ndinene chilungamo, sizinayende. Chingerezi chake n'chothamanga, anthu amalankhula mophatikizana, ma subtitle anali ang'onoang'ono pa khoma, ndipo patangotha mphindi makumi awiri mu holo monse munali kuwala kwa mafoni. Mayi aja anaimitsa penapake n'kubwezera kuti tione bwino, pomwe kamwana kakusewera panja m'chipale chofewa, ife tikukaonera pa windo, pamene m'nyumba mayi ake akusaina mapepala okapereka kwa munthu wa ku banki kuti akakalere. Anati taonani, kamwana kali kutali uko, mayi ali pafupi ndi kamera apa, koma onse akuoneka bwinobwino nthawi imodzi, palibe yemwe wachita chimbuuzi, ndiye diso lako likusankha lokha koyang'ana. Atatero ndinaonadi luso lake, ndipo Orson Welles anapanga zimenezi ali ndi zaka 25 zokha, msinkhu wa mamembala athu ambiri. Koma mnyamata wina wa fomu 4 anaimika dzanja n'kunena kuti madamu, ngati filimu ikufuna kuti munthu aziimitsa n'kutiuza pokoma pake ndiye imeneyo ndi kalasi, si filimu. Ena anaseka koma ine ndinamumva mwanayo. Kwa anzathu atatu aja omwe akujambula timafilimu pa foni, iyi ndi sukulu yeniyeni ndipo ndikufuna adzaione. Koma kuiika Loweruka madzulo anthu atadzaza holo, sabata yotsatirayo tidzakhala tokhatokha.

Ndinagona ndikuganiza kuti mwina anzathu omwe ankakana aja ankanena zoona. Loweruka m'mawa ndi pomwe ndinasintha.

Anaika filimu ya ku Italy ya 1948, Bicycle Thieves, ya Vittorio De Sica, ya black and white, Chitaliyana chokhachokha. Ana aja atangoona kuti ilibe mitundu anayamba kudandaula, wina kumbuyo kwanga anati aaa zomwe zija. Nkhani yake ndi ya bambo wa mu mzinda wa Rome nkhondo yachiwiri itangotha, ulova uli ponseponse, ndiye wapeza ntchito yomata mapositala m'makoma koma lamulo lake n'loti ukhale ndi njinga, pamene njinga yake anaipinyolitsa kalekale kuti banja lidye. Mkazi wake akuyalula mabedishiti pa bedi, kuwachapa, kupita nawo ku pinyolo kuti awombole njingayo. Pamenepo kamera ikutsatira munthu wa pa pinyolo uja akukwera mashelefu ataliatali odzaza mitolo ya mabedishiti a anthu ena mpaka kudenga, palibe akulankhula kanthu koma iwe ukudziwa kuti mtolo uliwonse ndi banja lomwe zinthu zinavuta. Abale, mu holo munati zii. Tsiku loyamba lomwe la ntchito njinga ija ikubedwa iye ali pa makwerero, ndipo filimu yonse ndi bamboyo ndi kamwana kake kakamuna kuyendayenda mu mzinda, ku polisi, ku msika komwe amagulitsa zipangizo za njinga zomasulamasula, mafelemu pawokha, mabelu pawokha, mapampu pawokha, kufunafuna nambala ya felemu yake, mvula ikuwakwapula.

Pafupi nane panakhala kamtsikana ka fomu 3, foni kanaika m'thumba la siketi osaitulutsanso, chala chili pakamwa mpaka filimu kutha. Mapeto ake sindikuuzani poti ndikufuna mudzaone nokha, koma magetsi atayatsidwa anthu anali kupukuta m'maso, ndi abambo a vidiyo sho aja omwe. Mnyamata yemwe uja anatsutsa dzulo lake anaimanso n'kunena kuti bambo ake ndi a kabaza, ndipo chaka china anawabera njinga pa chigayo, mwezi wonse pakhomo pawo pankadyedwa kamodzi, iye ankawaperekeza m'misika kuyang'ana mafelemu ngati kamwana ka mufilimuko. Anati sankadziwa kuti azungu anavutikapo chonchi, komanso sankadziwa kuti nkhani ngati ya kwawo munthu angaijambule anthu n'kukhala pansi kuonera. Ineyo apa m'pomwe ndinaganiza za pa depoti pathu paja, anyamata a kabaza omwe timawadutsa tsiku ndi tsiku, ena ndi mamembala athu omwe. Tinauzidwanso kuti yemwe anasewera ngati bamboyo sanali wa zisudzo, anali wogwira ntchito mu fakitale, ndipo zambiri anajambulira m'misewu yeniyeni. Filimu yomweyi ndi yomwe inali nambala wani pa chisankho choyamba chija cha 1952, ndiye apa akatswiri ndi ana a fomu 3 anagwirizana.

Masana tinaonera Mandabi ya Sembène, ya 1968, ya mitundu, m'chilankhulo cha kwawo Chiwolof. Bambo wa ku Dakar wa akazi awiri walandira ndalama pa positi ofesi kuchokera kwa mphwake yemwe akusesa m'misewu ku Paris, koma kuti aitenge akufunika chitupa, kuti apeze chitupa akufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi, paliponse wina akumudyera, pamene kumudzi mbiri yawanda kale ndipo aliyense akubwera kudzabwereka mpunga. Apa ndiye ana anaseka mpaka kugwira m'mimba, aliyense ali ndi m'bale ku Joni ndipo tonse tikudziwa zomwe zimachitika pakhomo zikamveka kuti atumiza. Anaikanso kachidutswa ka Modern Times ya Charlie Chaplin ya 1936, pomwe akumanga mabawuti mu fakitale mpaka manja kumangogwedezeka okha ngakhale pa nthawi yopuma, iyi siifuna n'komwe womasulira.

Mkangano waukulu unabuka chakumadzulo. M'modzi wa abambo a vidiyo sho aja anati inu mukuti classic, classic wa ndani, kuno TV inabwera mu 1999, ife tinakulira Bruce Lee, Rambo, Sarafina, Neria ndi The Gods Must Be Crazy, amenewo ndiye akale athu ndipo mpaka lero ukaika Neria azimayi amalira poti kulanda katundu wa amasiye sikunathe. Anthu anawomba m'manja, inenso ndinawomba. Koma mtsikana wina wa ku koleji anati pa The Gods Must Be Crazy tisamale, inapangidwa mu 1980 nthawi ya tsankho ku South Africa ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu, tinkaseka tili ang'ono koma tinkaseka ndani. Bambo aja sanagonje, anati anthu amaseka botolo ndi galimoto yopanda mabuleki ija osati mtundu wa munthu. Sanamvane mpaka nthawi kutha. Ine mbali yanga ndili ndi mtsikanayo pang'ono, filimu kukhala yakale ndi yokondedwa sikuti ndiye kuti ilibe mlandu, ngakhale Gone with the Wind ya 1939 ku America komweko mu 2020 anaichotsa kaye pa HBO Max, pomwe anthu amaonera mafilimu pa intaneti, n'kuibwezera ndi mawu otsogolera ofotokoza za mmene imakometsera ukapolo. Tikafuna kuonetsa zoterezi tizikhala ndi nthawi yokambirana pambuyo pake, osangozimitsa pulojekita anthu n'kumapita.

Nkhani ina yomwe itikhudze kwambiri ndi ya kumasulira. Ambiri mwa anthu athu sangathamange ndi ma subtitle a Chingerezi, ndiye funso linali loti tiziika munthu pa maiki azimasulira m'Chichewa ngati mmene amachitira ma DJ a mafilimu aja kapena ayi. Aphunzitsi ena anakana kuti kumeneko n'kuwononga filimu. Koma mayi aja anatiuza kuti ku Japan nthawi ya mafilimu opanda mawu kunali anthu otchedwa benshi omwe ankaima pambali pa sikirini kufotokoza ndi kulankhulira anthu a mufilimu, ndipo ena ankatchuka kuposa osewerawo. Ndiye tinagwirizana kuti womasulira akhalepo, koma aonere filimuyo kawiri kaye, amasulire zomwe zanenedwa basi, asawonjezere nthabwala zake kapena kuwapatsa anthu mayina a m'mudzi mwathu, ndipo pomwe filimu yakhala chete nayenso akhale chete. Pa mashelefu a mabedishiti paja munthu atalankhulapo ndiye kuti wapha zonse.

Zomwe msonkhano unamanga ndi zoti kalabu iliyonse iyesere filimu yakale imodzi pa mwezi kwa miyezi itatu, pa itatuyo imodzi ikhale ya ku Africa, ikatha tizifunsa achinyamata maganizo awo n'kulemba mmene anenera osakonza, kenako makalabu tidzatumizirane. Anatikumbutsanso kuti kuonetsa filimu pagulu kuli ndi malamulo ake ngakhale tisalipiritse pakhomo, ndiye a mlembi chonde tifunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, ndi ku Censorship Board tisanayambe, tisadzagwidwe nazo mosadziwa. Panali ganizo lina loti makalabu onse azitsatira mndandanda umodzi wochokera ku Lilongwe, ine ndinavota kukana ndipo linagwa. Pamenepa simunandipatse mphamvu, ndinangoona kuti anthu a pa Balaka timawadziwa ndife, ndiye ngati ndinalakwa mudzandiuze pa msonkhano ndipo ndidzawalembera okonza aja.

Pempho langa n'loti tiyambe ndi Bicycle Thieves Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, tiitane anyamata a kabaza a pa depoti ndi a pa msika, tiyambe 6 koloko akaweruka osati 3 koloko monga mwa nthawi zonse. Mwezi winawo Mandabi, wachitatu Neria kuti amayi a m'makwaya adzabwere. Sipika yathu ya kumanzere ija ikulira ngati muli njuchi, ikufunika kukonza tisanafike tsikulo, ndipo nsalu yoonetserapo ichapidwe chifukwa black and white pa nsalu yakuda sioneka. Womasulira ndikupempha adzipereke pano lisanafike Lachitatu kuti tidzaonere limodzi kunyumba kwanga pa laputopu, kawiri konse.