Boti Lonunkhira Mkungudza

Monkey Bay,
Mangochi.

Wokondedwa mphwanga,

Ndikulemba kalata ino nditakhala m'kati mwa boti limene amayi ako anakuuza kuti ndagula, choncho ukaona zilembo zitapendekeka usandiseke, chifukwa mafunde akugwedeza dzanja langa. Botili si latsopano ayi. Ndinaligula kwa bambo wina wachikulire amene analiyendetsa zaka zambiri, kufikira pamene mawondo ake anayamba kukana kukwera ndi kutsika. Amayi ako akulitcha boti la kaunjika, ndipo ine sindikuwatsutsa.

Boti limeneli silipalasidwa ndi nkhafi ngati bwato la asodzi, koma limayenda ndi mphepo. Pakati pake pali mtengo wautali wotchedwa mlongoti, ndipo pamenepo ndimakwezapo chinsalu chachikulu chimene dzina lake ndi thanga. Mphepo ikadzaza thangalo boti limanyamuka, ine n'kumaliwongolera ndi tsigiro imene ili kumbuyo.

Sabata yoyamba inandivuta. Denga la kachipinda kogonamo ndi lalifupi, moti ndinagunda mutu kangapo ndisanazolowere kuwerama, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndakapa madzi amene ankalowera pa kamng'alu kena pansi. Thanga nalo linali long'ambika m'mbali, ndipo ndinalisoka ndekha ndi msoko umene agogo ako atauona angandilande singano.

Koma tamvera chimene chandilembetsa kalatayi. Tsiku lina ndikupala penti yakale, ndinamva fungo limene ndinalidziwa nthawi yomweyo, fungo la timabokosi tija amagulitsa ku Likhubula. Matabwa a boti langa ndi a mkungudza, mtengo umene mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje lokha, phiri lomwelo limene umaliona ukamapita kusukulu. Amisiri akale ankaukonda pokhoma maboti chifukwa suwola msanga ndipo chiswe sichiudya. M'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu, koma anthu anaudula mopitirira muyeso mpaka unatsala pang'ono kutheratu, n'chifukwa chake masiku ano ndi woletsedwa kuudula. Ndinakhala pansi kwa kanthawi ndithu, ndikuganiza za anthu amene anasenza matabwa amenewa pamutu potsika nawo m'phiri, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo ngati ndili kwathu.

Sindinapitebe nalo kutali. Miyezi ino imene inu mukunjenjemera ndi chiperoni, kuno kukuwomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo ikayamba ndimaponya nangula pamalo obisika n'kudikira. Nyanjayi si yosewera nayo, pakuti kumpoto kwake ndi yozama pafupifupi mamita 700. Ngakhale sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pamadzi amenewa kuyambira 1951, imagwedezeka ndi mwera.

Mphepoyi ikadzaleka, ndipo sukulu mukadzatsekera, ndidzapempha amayi ako kuti ubwere, koma udzalowa m'boti pokhapokha utavala jekete yoyandamitsa, ndipo pa nkhani imeneyi sitidzakambirana. Mu envulopu ino ndaikamo kachibanthu ka thabwa kamene kanatsala pamene ndinkatseka mng'alu uja. Ukawapatse agogo ako kuti akanunkhize usanawauze kanthu, kenaka undilembere zimene ayankhule.

Ndine malume ako.