Timabuku ta mizukwa tija

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, mwendo wa mayi ako ukupola pang'onopang'ono. Mvula yagwa kawiri, tayamba kubzala. Koma chandigwiritsa cholembera si mvula ayi.

Mchemwali wako wandiuza. Usamukalipire, ndachita kumupanikiza ndine. Akuti kabuku kamodzi kokha unakagula pa mtengo woposa lendi ya mwezi wathunthu, ndipo mkazi wako anadziwira pa pepala la ku banki. Zoona zimenezi? Kabuku ka zithunzi za mitembo yotuluka m'manda?

Pa foni paja unati, "Bambo, chimenechi ndi chuma, mtengo wake umangokwera." Ndinakumvetsera bwino. Unanena wekha kuti mu 1950 kabuku kameneka, Tales from the Crypt, kankagulidwa masenti 10 ku America, pepala lake longa la nyuzipepala, ana nkumabwerekana mpaka kuthothoka, makolo ena nkumawotcha. Kenaka mu 1954 Fredric Wertham, dokotala wa matenda a maganizo, analemba kuti timabuku totere tikuwononga ana, William Gaines, mwini wa kampani ya EC yomwe inkasindikiza kabukuko, nkukaima pamaso pa komiti ya Senate ku New York kuteteza malonda ake. Chaka chomwecho malamulo a osindikiza timabuku, otchedwa Comics Code, analetsa kujambula opopa magazi ndi akufa oyendayenda, ndipo pofika 1955 kabukuko kanatha. Totsalato ndi tochepa, nchifukwa chake tikudula. Ndamva, sindine mbuli. Koma chinthu chosadyeka mtengo wake uli pakamwa pa wogula. Mwana akadzadwala pakati pa usiku, udzathamangira kwa ndani ndi kapepala kofiirira ka zaka 70?

Ukukumbuka thiranki yanga yachitsulo ija? Mabuku anga onse a ku koleji ndinkawasunga mmenemo, ati ana adzawerenga. Tsiku lotsekula tinangopeza dothi la chiswe, iwe nkumaseka. Kwanuko chiswe kulibe, koma suja unkadandaula kuti chinyezi chikudetsa khoma la kuchipinda?

Mizukwayo sindikuiopa. Ndiwe yemwe uja unkakakamira agogo ako kuti asimbe za afiti okwera lichero, iwo akangoti "Padangokhala," iwe woyamba kuyankha "Tilitonse," kenaka usiku nkukana kutuluka wekha kukakodza. Ndakuperekeza kangati ndi tochi? Ndiye sindikudabwa kuti nkhalamba yosunga manda ya m'timabukumo, yotsegulira nthano iliyonse ndi nthabwala zake zoola, inakukopa. Ndi agogo ako omwe, kungoti awa ndi ojambulidwa.

Nkhani ya kwanu ku Glasgow ndinaseka nayo: ana mazanamazana mu Seputembala 1954 kukhamukira ku manda a Southern Necropolis ndi ndodo ndi mipeni, kusaka wopopa magazi wa mano achitsulo yemwe ankati wadya anyamata awiri. Akuluakulu analoza chala timabuku, mu 1955 Britain nkukhazikitsa lamulo loletsa timabuku toopsa totere. Kuseka kwanga kunathera pomwe ndinakumbuka anamapopa a 2017 ku Mulanje ndi Phalombe. Kuja anthu anafa. Koma tisiye zimenezo.

Chondisowetsa tulo ndi ndalama, ndiponso kubisa. Mkazi wako amagwira ntchito ya usiku, kunja kukuzizira chonchija, iwe nkutenga za nonse awiri osamuuza? Mwa nthano zomwe unandisimbira, zingati zomwe zimayamba ndi mwamuna wobisira mkazi wake za chuma? Iwe umangoona zithunzi zokha kodi?

Werenga, sindikuletsa. Paja unati nthano zomwezo anazisindikizanso m'mabuku atsopano otchipa, gula amenewo. Ndipo ngati ndi chumadi, gulitsako kamodzi mwezi uno. Uchotse ya ochititsa malonda, uchotse yotumizira, yotsalayo undiuze. Ikaposa yomwe unagulira, ndidzapepesa pamaso pa mayi ako. Koma uyambe wakhala pansi ndi mkazi wako, umuuze mtengo wa kalikonse, osachotserako ngakhale paundi imodzi. Ndabwereza dala: umuuze.

Za malata usavutike chaka chino, tamata ndi phula pomwe pankadontha. Mayi ako akuti utumize chithunzi cha mdzukulu wawo atavala juzi ija, ndipo uimbe Lamulungu tikachoka ku tchalitchi.

Ndine bambo ako.