Goloboyi nayenso apatsidwe mphoto yake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amene amakonza mipikisano ya mpira wamiyendo kuno ku Kasungu, kuyambira pa Boma mpaka ku Nkhamenya, Santhe ndi Chamama. Mpikisano ukatha, mphoto zimapita kwa timu yopambana ndi kwa wogoletsa zigoli zambiri. Goloboyi amangomuombera m'manja basi. Ku Spain nkhaniyi anaikonza kalekale, ndipo mphoto ya goloboyi kumeneko imatchedwa ndi dzina la Ricardo Zamora.

Zamora anabadwira ku Barcelona mu 1901. Bambo ake anali dokotala ndipo ankafuna kuti mwanayo akhalenso dokotala, koma iye anayamba kutchinga pagolo la timu ya Espanyol mu 1916 akadali mnyamata. Anaseweranso timu ya Barcelona n'kubwereranso ku Espanyol, kenako mu 1930 anapita ku Real Madrid. Dziko lake analisewerera masewero 46, kuyambira pa masewero oyamba enieni a Spain, omwe anagonjetsa Denmark 1-0 pa Olimpiki ya ku Antwerp mu 1920. Mu 1929 anavulala fupa la pachifuwa masewero ali mkati koma sanatuluke, ndipo Spain inaswa England 4-3 ku Madrid. Patatha zaka ziwiri England inabwezera 7-1 ku London, iye yemweyo ali pagolo. Ntchito ya goloboyi ndi yotero.

Chimene makochi athu angatolepo ndi mmene ankatchingira. Mpira wa nthawiyo unali wachikopa, wazingwe, ukamwa madzi unkalemera zedi, ndipo osewera kutsogolo ankaloledwa kugunda goloboyi ndi phewa. Kuwakha mpira pakati pa chigulu kunali kudziputira ngozi. N'chifukwa chake Zamora ankaumenya ndi chigongono kapena mkono kuti upite kutali, njira imene mpaka lero imatchedwa zamorana. Mabwalo athu m'dzinja amakhala matope okhaokha ndipo mpira umaterera. Goloboyi aphunzitsidwe kuti mpira wa kona kapena wodutsa m'mwamba, anthu akachuluka, aumenye ndi nkhonya ziwiri kulozetsa m'mbali mwa bwalo. Akaubwezera pakati, umagwera pafupi ndi poponyera penate, mamita 11 kuchoka pagolo, pomwe adani amakhala akudikira. Zigoli zambiri za m'mabonanza zimalowa chonchi, anthu n'kumati goloboyi wadya ndalama.

Zovala zake nazonso zinali ndi chifukwa. Ankavala kapusi yansalu ndi juzi ya manja aatali yotseka khosi. Masewero athu amachitika masana, ndipo golo loyang'ana kumadzulo limamuika goloboyi maso padzuwa m'chigawo chachiwiri. Kapusi yamlomo imathetsa vutolo. Nanga m'mwezi wa Okutobala, bwalo litauma gwa, timiyala ndi ziputu za udzu zili mbwee? Mnyamata wovala malaya odula manja akasupuka chigongono kamodzi, amaleka kudziponya, amangotambasula mwendo. Golo ndi lotalika mamita 7.32 m'mbali, mwendo sungafike pakona. Chimodzi chokha asatengere kwa Zamora: ankasuta ndudu kwambiri. Ifeyo fodya tizilima, goloboyi asamusute.

Tsono za mphoto. Nyuzipepala ya ku Spain yotchedwa Marca inayamba kupereka mphoto ya goloboyi ija, Trofeo Zamora, mu 1959. Sawerenga kuchepa kwa zigoli kokha ayi. Amatenga zigoli zimene goloboyi walowetsedwa n'kugawa ndi masewero amene wasewera, ndipo masiku ano amafuna kuti akhale atasewera masewero osachepera 28 a ligi, kwa mphindi 60 kapena kuposerapo pa masewero aliwonse. Tiyerekeze wina walowetsedwa zigoli 9 m'masewero 12, ndiye 0.75. Mnzake walowetsedwa 6 m'masewero 6, ndiye 1.0. Wopambana ndi woyambayo ngakhale zigoli zake zikuoneka zambiri. Zamora mwiniwake, m'chaka cha 1931/32, anali pagolo la Madrid pamene timuyo inatenga ligi osagonja, italowetsedwa zigoli 15 zokha m'masewero 18.

Mipikisano yathu ndi yaifupi, choncho okonza aike malire awo, mwina magawo atatu mwa anayi a masewero onse. Chofunika ndi kope limodzi la mlembi, momwe woyimbira azilembetsa dzina la goloboyi, mphindi zimene wasewera ndi zigoli zomwe zalowa, masewero akangotha anthu asanabalalike. Mphotoyo ikhale magolovesi, kapusi ndi juzi yokhala ndi thonje m'zigongono.

Wokonda mpira,
Kasungu